Masaya a Chimpeni cha Mayi Mafupa

Pa 4 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, inu, ana, ndi mawondo a amayi. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chija chinaona kuti ndilibe chochipatsa, chinapita kwa ena.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanafike pokoma nkhani. Papepala simungandidule. Achimwene anu ndiwo azikubweretserani makalatawa akamabwerera ndi lole, ndipo ndamata kawiri poti alamu anga ndimawadziwa.

Mwamuna wanu wapeza ntchito. Si ya choko ayi, satifiketi ya kukoleji ija idakali m'chikwama, ikupumula. Ndine wonola mipeni. Sekani mumalize, ndikudikirani.

Shopu yake ndi kachipinda ka zenera limodzi kuseri kwa msika wa nyama. Mwini wake ndi bambo wachikulire amene aliyense amangomuti Madala. Wanola mipeni ndi manja kuyambira ine ndisanabadwe, koma tsopano manjawo akunjenjemera: tiyi theka amamwa iye, theka amamwa malaya. Ndiye anagula makina. Pali mwala wozungulira umene umayenda pang'onopang'ono ukusamba m'madzi, ndi kachitsulo kopanira mpeni kuti usagwedezeke pamwalapo. Kachitsuloko kali ndi nsagwada ziwiri, choncho iye amakatcha ng'ona. Nsagwada yapansi siyenda, yapamwamba ndiyo imatsika ukamanga bawuti. Ukapana mpeni, umatsamiritsa mchira wa ng'ona pakamtanda kachitsulo n'kumayendetsa mpeniwo pamwala. Ukatha mbali imodzi, umatembenuza ng'ona yonse mpeni uli m'kamwa, n'kunola mbali inayo.

Mwala ukadya umasiya kamzere kowala m'mphepete mwa kukamwa kwa mpeni, uku ndi uku. Timizere timeneti pano timati masaya. Lamulo la Madala ndi limodzi basi: masaya awiri afanane ngati a mwana wokhuta.

Tsiku loyamba anandiyang'ana m'manja n'kufunsa, "Manja awa agwirapo chiyani?"

Ndinati, "Choko, bambo."

Anati, "Chabwino, Aphunzitsi. Ingodziwani kuti choko cha kuno chimaluma."

Dzinalo landikanirira msika wonse.

Koma ndisakubiseni mmene zilili. Ogulitsa nyama anamuthawa Madala manja atayamba kunjenjemera, mipeni yawo imatengedwa ndi kagalimoto ka kufakitale. Mwana wa Madala akufuna kachipindaka kabwerekedwe kwa wogulitsa mafoni. Ndiye Madala wandiuza poyera: "A nyama akabwerera pofika kumapeto kwa Meyi, shopu ikhala, ndipo mapepala ako okhalira kuno ndikusainira. Akapanda kubwerera, tonse tikapume kwathu." Ine kupuma ndinapuma kale zaka zija ndinkadikira ntchito ya uphunzitsi, sindikufunanso.

Kangachepe kali m'envelopumo muyambire kusukulu kwa mtsikana wathu. Njinga yanga musagulitse.

Ndine wanu yemwe uja, amene munasankha maso muli nawo.

Pa 2 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni nonse. Ndamva kuti denga la kukhitchini layambanso kudontha. Musakwere nokha, itanani kalipentala wa kuseri uja, koma mumuimirire, amakhoma msomali umodzi n'kuyamba kusimba za mpira.

Ine ndili bwino kwambiri, ndipo mbiri yanga ikukula kuposa mimba yanga. Ophika a m'malesitilanti onse a mumsewu uno abwerera. Timipeni tawo topyapyala ndikatipana m'ng'ona, masaya amatuluka ofanana ngati mapasa. Wophika wina anameta tsitsi la pamkono pake n'kundipatsa ulemu wa sajeni. Madala anangoti, "Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma tione ngati akudziwa kumeta." Kwa iye kumeneko n'kuyamikira kwa chaka chonse.

Tsono dzulo kunabwera amene timamudikira. Ndi wapampando wa mzere wonse wa ogulitsa nyama, mayi wamasiye wa mikono ngati mitanda ya denga. Amamuti Mayi Mafupa. Atalowa, kuwala kwa pakhomo kunatha. Anamasula nsanza n'kuika pabenchi chimpeni chodulira mafupa, chochindikala msana ngati chala changa chaching'ono. Chinali cha malemu amuna awo, ndipo kufakitale sachitumiza, akuti kumeneko amadya chitsulo ngati chiswe.

Anati, "Ndinu Aphunzitsi aja? Ichi ndi mayeso anu. Mukachitha, mzere wonse ubwera pambuyo panga. Mukachiwononga, ndidzakupachikani pangowe pambali pa mwendo wa ng'ombe."

Ndinati, "Mayi, kukoleji ndinakhoza masamu. Mbali iyi kangati, mbali iyo kangatinso. Chilungamo basi."

Anati, "Chilungamo sichidula fupa."

Ndachinola lero m'mawa, mbali zonse mofanana, dzanja lomwelo, mwala womwewo. Chikuthwa moti chikumeta mphepo. Kungoti tsaya lina latuluka lotambalala pang'ono kuposa linzake. Ndi pang'ono chabe, mawa ndikonza.

Nsapato za kamnyamatako mugule zokulirapo, phazi lake silidikira malipiro.

Wanu, katswiri.

Pa 23 Malichi

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira amayi apeza bwino. Ine ndili bwino. Mukaona malembawa akupendekeka, n'chifukwa chala chachikulu chavala nsalu masiku ano. Si nkhani.

Za chimpeni chija. Ndinaganiza ngati mphunzitsi: mwana wotsalira m'kalasi umamuwonjezera maphunziro. Tsaya lochepalo ndinaliwonjezera mwala, ndinaliwonjezeranso, mpaka onse awiri anafanana. Ndinachikulunga m'nsanza ndikuimba mluzu.

Mayi Mafupa anabwerera dzuwa lisanapendeke. Sanakalipe, ndipo ndinalakalaka akadakalipa. Anangoika pabenchi nthiti zodulidwa mokhota ngati njira ya woledzera.

Anati, "Aphunzitsi, chimpeni changa mwachiphunzitsa chiyani? Ndikuchituma pakati, chikupita kumanzere. Chinali chomvera ichi."

Madala anachitenga, anatsinzina diso limodzi n'kuchiyang'ana kuchokera kunsonga. Manja ake amanjenjemera koma diso lake likadali la kabawi. Anati, "Wafananitsa masaya, koma kukamwa wakuchotsa pakati. Wadya mbali imodzi mpaka mpeni wakhala ngati tchizulo." Kenaka anapepesa mayiwo, iye mwini, chipewa chili m'manja. Zimenezo zinandipweteka kuposa chala.

Mayiwo anati atipatsa mpata wina chifukwa Madala ankanolera malemu amuna awo. Koma anati chitsulo chimene chadyedwa sichimera, tikadyanso pachabe basi kwatha.

Ndayesa pa zimpeni zina zakutha zimene zili pansi pa benchi. Nkhani ndi yomweyo: mpeni wopyapyala umatuluka bwino, wochindikala umatuluka tsaya lina lalikulu. Ndasintha dzanja, ndasintha poima, mwala ndausalaza. Madala akuti vuto ndi phewa langa. Ine ndikuti phewa langa silidziwa kusiyanitsa mpeni wa wophika ndi wa Mayi Mafupa, ndiye likondera bwanji?

Mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi kulibenso. Anabwera anthu ofunsa mapepala, ine ndinali kushopu. Bulangete lake ndalisunga.

Mwezi uno katumizidwa kochepa, mundimvetse. Koma ndakugulirani kanthu kena, sindinena.

Wanu, katswiribe, kungoti wa chala chimodzi chopuma.

Pa 13 Epulo

Mayi a ana anga,

Moni, moni nonse. Ine ndili bwino moti ndikadakhala ndi malo ndikadavina, koma m'chipinda muno ukatambasula mkono umagogoda kwa aneba.

Ndachigwira chilombo. Ndipo mwachigwira ndinu, ngakhale simukudziwa.

Kanthu ndinakugulirani kaja ndi utoto wa m'zikhadabo, kyutekisi wofiira, wa mtundu uja munkauyang'ana m'sitolo n'kunena kuti ndi wa akazi opanda zochapa. Botololo linali m'thumba la ovolosi, ndimati ndiwapatse achimwene anu. Ndiye Mayi Mafupa anabwera kudzazonda chimpeni chawo ngati wodwala m'chipatala. Anachipeza chagona pamodzi ndi zimpeni zakutha zija, ndipo anati, "Chilembeni chizindikiro, chingasokonekere ndi zinyalalazi." Penti tinalibe. Mtima unawawa, koma ndinatsegula botolo lanu. Chala chovala nsalu chija chinandipereka: dontho linagwera pachimpeni chakutha chimene chinali m'ng'ona, n'kuyenderera tsaya lonse. Ndinati ndipukute, ndinangopakaza mbali zonse ziwiri ndi zala zanga zomwe.

Utotowo utauma ndinati mwala uchotse wokha. Ndinagunditsa kamodzi, mopepuka. Ndinatembenuza ng'ona, ndinagunditsanso kamodzi. Kenaka ndinayang'ana masaya onse awiri. Mbali imodzi mwala unanyambita utoto kumunsi kwenikweni, kukamwa. Mbali inayo unanyambita kumtunda, chakumsana, kukamwa osakukhudza n'komwe. Dzanja limodzi, mwala umodzi, koma mpeni ukufika pamwala mopendekeka mosiyana.

Ndinanyamula ng'ona n'kuiyang'ana kumaso, kuwala kwa zenera kuli kumbuyo kwake. Mvetserani bwino, pano pali phunziro. Nsagwada yapansi siyenda. Anaipanga kuti mpeni wopyapyala ukagona pamenepo ukhale pakati penipeni, molunjika mchira. Koma mpeni wochindikala sungamire m'nsagwada yapansiyo, ndiye kunenepa kwake konse kumathawira m'mwamba. Pakati pa mpeni sipakhalanso pakati pa ng'ona. Ukanola mbali iyi mpeni wagona, ukatembenuza waimirira. Phewa langa lilibe mlandu, ndipo ndalipepesa m'malo mwa Madala.

Mankhwala ake ndi apafupi: kupala nsagwada yapansi ndi tupa mpaka chimpeni chochindikala chikhale pakati. Timipeni topyapyala tizidzatiyalira tizidutswa ta chitini kuti tikwere pomwe tinali.

Ndinamuonetsa Madala zonse. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndaona." Nditatchula tupa, anaikumbatira ng'ona ngati mwana wodwala.

Anati, "Iyi ndinagulitsira njinga yamoto. Awa ndiwo manja amene ndatsala nawo. Ukapala mopitirira, udzabwezera ndi chiyani? Choko?"

Ndamusiya kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Achimwene anu anafika Mayi Mafupa akadali mushopu kudzatenga katundu, anakhala pang'ono n'kunyamuka osamwa tiyi. Kalatayi ibwera ndi mnzawo wa lole ina.

Wanu, wotulukira zinthu.

Pa 4 Meyi

Mayi a ana anga,

Ndikuti moni, ngakhale sindikudziwa ngati moni wanga akulandiridwa. Achimwene anu abwera opanda kalata, opanda uthenga, nkhope yaitali ngati Lolemba. Foni yanu ikungolira yokha. Ine ndili bwino, ngati pali amene akufunsa.

Ndawapanikiza mpaka anena zimene anakakuuzani. Akuti anandipeza zala zili psuu ndi kyutekisi, mayi wina wonenepa atandigwira dzanja, tikuseka. Zonsezo n'zoona, ndipo alamu anga ali ndi maso abwino. Chimene alibe ndi funso. Mayiwo anandigwira dzanja kuti aone bala, ndipo ankaseka chifukwa anati bandeji yanga ikuoneka ngati anamanga ndi mwana wa mkaka. Mayi Mafupa ali ndi zidzukulu, ndipo mwamuna amene amamuganizira ndi mmodzi yekha, mwini chimpeni uja. Ine akandiyang'ana amaona ngowe.

Werenganinso kalata yapitayo. Munthu wa chibwenzi salemba masamba awiri a nsagwada.

Kuno zinthu zili chomwecho. Madala akukanabe tupa. Ndayesa njira ina, yosuntha mchira wa ng'ona nthawi iliyonse ndikatembenuza, n'kupaka utoto, n'kuyesa, n'kusunthanso. Zimatheka, koma chimpeni chimodzi chimadya m'mawa wonse, ndipo mzere wa nyama uli ndi zimpeni zodzaza wilibala. Kagalimoto ka kufakitale kakubwerabe, dalaivala wake amandipatsa moni wachifundo.

Mwana wa Madala anabwera Loweruka. Anayang'ana denga, anayang'ana makoma, ife sanatiyang'ane.

Mwezi uno ndi womaliza, mukudziwa. Chikwama chija zipi yake inaduka, ndiyesa kuikonzetsa, mwina chingafunike.

Ndiyankheni, ngakhale ndi chipongwe. Chipongwe chanu ndimachidziwa kukoma kwake.

Wanu yekha, wa zala zofiira.

Pa 25 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu, kwa ana, kwa amayi, kwa aneba, ngakhale kwa achimwene anu. Lero ndikupereka moni mwaulere. Khalani pansi, ana akhale chete, iyi muwerenge mokweza.

Lachiwiri mwana wa Madala anabwera ndi wogulitsa mafoni uja, mnyamata wa fungo la sopo wodula, tepi yoyezera ili m'manja. Poyeza benchi, mnyamatayo anaikankhira ng'ona pambali ndi chigongono, kenaka anainyamula n'kuiyeza kulemera m'dzanja.

Anati, "Zitsulo izi ndikhoza kukupezerani wogula, Madala. Amagula pasikelo."

Anthuwo anamaliza kuyeza n'kutuluka. Kenaka Madala anatsegula kabati n'kutulutsa tupa wake wakale, wa chigwiriro chakuda ndi thukuta, amene sanandilolepo kumugwira.

Anati, "Ngati ng'ona yanga ili yokafera pasikelo, bola idyedwe ndi tupa wanga. Aphunzitsi, inu manja, ine maso. Ndikati basi, basi."

Ndinati, "Nanga mukachedwa kunena?"

Anati, "Ndiye kuti tonse tikagulitsa mafoni."

Tinamanga nsagwada pabenchi. Ndinkapala pang'ono, iye n'kuika diso, n'kuloza ndi chala chonjenjemera pamene patsala phiri. Tikatero timapana chimpeni chakutha, kupaka utoto wanu, kudikira uume, kugunditsa uku, kutembenuza, kugunditsa uko. Ulendo uliwonse timizere tiwiri tija timayandikirana, wa kumsana ukutsika, wa kukamwa ukukwera. Thukuta linkagwera patupa. Panafika poti ine ndinati kwatsala kamodzi, dzanja lanyamuka kale, iye anandigwira pamkono.

Anati, "Basi."

Tinapaka, tinagunditsa. Mwala unanyambita utoto wonse, kuchokera kumtunda mpaka kukamwa, mbali iyi. Tinatembenuza. Chimodzimodzi. Madala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, akuti munalowa fumbi la chitsulo. Chitsulo chonyowa chilibe fumbi, koma sindinamutsutse.

Kenaka ndinadula chitini cha mkaka n'kupanga tizidutswa toyalira timipeni topyapyala: wa wophika tiwiri, wapakati kamodzi, chimpeni chachikulu chopanda kanthu. Chimpeni cha Mayi Mafupa ndinachinola mawa lake, modekha, ndikudya mbali imene ndinaisiya yonenepa ija mpaka kukamwa kunabwerera pakati. Masaya anatuluka ngati a mwana wathu uja ali wakhanda.

Dzulo m'mawa tinachipereka tokha kumsika, ine kutsogolo, Madala pambuyo atavala jekete la kutchalitchi. Mzere wonse unasiya makasitomala. Mayi Mafupa anachiyang'ana uku ndi uku. Anapachika mbuzi yosenda pangowe, miyendo m'mwamba. Kuigawa pakati kutsata fupa la msana ndiyo ntchito imene mpeni wokhota sungabise khalidwe lake. Anaika chimpeni pamchira, anamenya, anamenyanso, chikutsika chokha ngati chikudziwa kwawo, mpaka pakhosi. Mbuzi inatseguka ngati buku, fupa la msana litagawika pakati, theka uku theka uko.

Wogulitsa nyama wina anati, "Mwina ndi dzanja la mayiwa." Mayi Mafupa anamupatsa chimpenicho kuti ayese pambuzi yake yomwe. Chinatsikanso molunjika. Bamboyo anachiyang'ana, anandiyang'ana, n'kulowa pansi pa tebulo lake kukatulutsa zimpeni zake.

Mayiwo anati, "Aphunzitsi, ngowe yanu ija ndapachikapo mbuzi. Mwakhoza."

Tinabwerera kushopu ndi wilibala yobwereka, yodzaza, ikulira ngati ukwati. Tinakumana ndi kagalimoto ka kufakitale pageti, ndipo dalaivala uja ndinamupatsa moni wachifundo.

Zipi ya chikwama sindinakonzetse.

Wanu, amene munasankha bwino.

Pa 8 Juni

Mayi a ana anga,

Kalata yanu yafika, ndipo ndili bwino kuposa mmene dokotala angalolere. Ndaiwerenga mpaka yafewa ngati nsalu, ngakhale ili ndi mizere iwiri yokha: "Za ng'ona tamva, ana akuti muwajambulire. Botolo langa lili kuti?" Kukoleji sanatiphunzitse kulemba kalata yokoma chonchi.

Madala wasaina. Dzina lake papepalapo likuoneka ngati mapazi a nkhuku yothawa mvula, koma ku ofesi analilandira, ndipo chidindo chamenyedwa. Tsopano ndikamva kugogoda pakhomo ndimafunsa kuti ndani ndili chikhalire. Mwana wake anabwera, anapeza zimpeni zili pamzere mpaka panja, anaima pang'ono, kenaka anavula wotchi n'kuyamba kutithandiza kupukuta. Za mafoni sizinatchulidwe.

Zimene zili m'envelopumo mumalizire denga, ndipo kalipentala mumuimirirebe. Achimwene anu ndawanolera mpeni wawo wa m'lole mwaulere. Ndawauza kuti lilime lokha ndilo sindinola, linabadwa lakuthwa.

Tsono za botolo. Limene lili m'phukusili ndi latsopano, losatsegula, mtundu womwe uja. Lakale lija Madala wakaniza. Akuti ndi chida cha shopu, walimangirira kachingwe n'kulipachika pamsomali pakati pa tupa ndi sipanala. Litayamba kuchepa anapita yekha kusitolo ya zodzola, jekete lili pathupi, n'kuwauza atsikana a kumeneko kuti akufuna wofiira, wouma msanga, wosachoka ndi madzi. Akuti anamufunsa ngati ndi wa agogo aakazi. Anayankha kuti ndi wa ng'ona.

Sukulu ikatsekera mubwere ndi ana, mapepala tsopano akulola. Mudzaone benchi, mudzaone mwala, ndipo Mayi Mafupa akuti akufuna aone mkazi amene anapirira mwamuna wolankhula chonchi. Koma tsiku lobwera kushopu zikhadabozo musapake. Madala akaona chofiira chilichonse masiku ano amafuna achigunditse pamwala.

Ndine wanu yemwe uja, wonola mipeni.